Lestina Wachibwibwi Analankhula m'Munda wa Tiyi

Chaka chimene Lestina Namakhwa anaika mayi ake m'manda ndi chaka chomwecho chimene analephera mayeso a Fomu 4. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Bambo ake anali atapita ku Joni kalekale, osatumiza ngakhale moni. Lestina anangokulunga zovala zake m'chitenje n'kukakhala kwa mkulu wake Marita, m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, chakufupi ndi Khonjeni.

Ngati zimenezo zinali zochepa, mtsikanayu analinso wachibwibwi. Sindikunena chibwibwi chapang'ono ayi. Akapita kukagula sopo pa okala, wogulitsa ankathandiza anthu awiri iye akadali pa "so-so-so". Kusukulu anyamata ankamutchula kuti Jenereta, ati chifukwa ankachedwa kulira. Iye ankaseka nawo, koma akafika kunyumba ankalira.

Inu amene mukuti moyo wakukanani, inu amene muli ndi mawu mumtima koma pakamwa pakulemera, tamverani za mtsikana ameneyu. Ine ndimamunyadira, ndipo sindibisa.

Mayi ake a Lestina anatchola tiyi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero. Kwa chaka ndi miyezi ankataya magazi pa nthawi yosakhala ya msambo, ndipo amene ankawachapira zitenje kumtsinje anthu asanadzuke anali Lestina.

"Usauze munthu, ngakhale mkulu wako," ankatero mayiwo. "Izi n'za amayi, n'zamanyazi."

Lestina anamvera. Pamene anthu ankawanyamula kupita nawo kuchipatala, madokotala anati abwera mochedwa.

Maliro atatha, Lestina anapeza kantchito kotchaja mafoni pa shopu ina ku Khonjeni. Patapita miyezi anagula foni yamakono yogwiritsidwapo kale ntchito, galasi lake losweka pakona. Pamenepo ndi pomwe anatulukira kuti zala zake zilibe chibwibwi. Anatsegula tsamba pa Fesibuku n'kulitcha "Za Kumakomboni", ndipo anayamba kulemba za chifunga chimene chimakuta mapiri m'mawa, za ana othamangira thirakita yonyamula tiyi, za amayi amene amavala pulasitiki m'chiuno kuopa mame. Ankalemba bwino mtsikana uja. Munthu umatha kumva fungo la tiyi wauwisi uli ku Lilongwe.

Zaka zisanu zisanathe, tsambalo linali ndi anthu olitsatira zikwi khumi ndi ziwiri. Tsiku limene analemba za imfa ya mayi ake, ndi kuti amayi azipita kukayezetsa matendawa asanakule, nkhaniyo inazungulira dziko lonse. Makomenti anabwera kuchokera ku Mzuzu, ku Joni, mpaka ku Mangalande. "Ndinu olimba mtima, chemwali." "Mwapulumutsa miyoyo." Lestina anawerenga onse, ena kawiri. Malayiki ndi okoma, abale, tisanamizane, ndipo amamupangitsa munthu kuganiza kuti ntchito wamaliza.

Tsiku lina mu Okutobala 2023 mpopi wa pakomboni unauma, ndiye Lestina analawirira kukatunga madzi kumtsinje. Kumeneko anapeza Marita ali yekha kuseri kwa nsungwi, akuchapa chitenje chimodzi. Marita atamva mapazi anachikankhira pansi pa madzi n'kuchiponda. Kachapidwe kameneko Lestina ankakadziwa.

Madzulo a tsikulo, Marita akusenda nandolo pakhonde, Lestina anamupatsira foni.

"A-a-achemwali, tawerengani izi."

Marita anayang'ana galasilo n'kulikankha ndi chigongono. "Tizilembo tangati nyerereti? Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ukudziwa. Kakuti chiyani kafoni kakoko?"

Lestina anayesa kufotokoza. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ndipo asanafike pakati Marita anamudula.

"Iwe Lestina, unabereka kangati? Sunakwatiwe, sunabereke, ndiye undiphunzitse ine za thupi la mzimayi? Opita kukayezetsa kuchipatalako amakawachotsa chiberekero. Ukufuna a Yesaya akatenge mkazi wina? Usadzayambenso."

A Yesaya anali amuna ake a Marita, mlonda wa pafakitale, munthu wofatsa amene sankadziwa kanthu pa zonsezi. Banjalo linali ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka zinayi.

Apa ndi pamene Lestina anazindikira chinthu chimene chinamuwawa kuposa kulephera mayeso. Mwa anthu ake zikwi khumi ndi ziwiri aja, munalibe ngakhale mmodzi wotchola tiyi. Amayi amene iye ankalemba za iwo anali ndi timafoni ta mabatani, ena analibiretu, ndipo bandulo ankaiona ngati masewera a ana a sukulu. Nkhani imene inaliza anthu ku Mangalande inali isanafike pakhonde la nyumba imene iye ankagonamo. Marita akanatha kufa imfa ya mayi awo tsambalo likadali ndi malayiki ake onse.

Lestina anaganiza kuti ngati mkulu wake sangamve kwa iye yekha, mwina angamve pagulu la anzake. Maganizo anali abwino, koma safunsa anadya phula. Anadzifunsa kuti amayi otchola tiyi amasonkhana pati, n'kudziyankha yekha kuti pa sikelo, masana, pamene gulu lililonse limabwera kudzapimitsa tiyi amene latchola. Anakopera nkhani yake ija papepala, anavala diresi la kutchalitchi, n'kukaima pa chitsa pafupi ndi shedi yopimira.

Amayi anali pa mzere, madengu kumsana, maso onse pa sikelo kuopa kuti kalaliki angalembe kilo yoperewera. Pomwepo panali kalalikiyo, panali kapitawo, panali anyamata okweza matumba m'thirakita. Lestina anatambasula pepala.

"Amayi, ndabwera kudzanena za khansa ya khomo la chi-chi-chi..."

"Chimanga!" anafuula mmodzi mwa amuna okweza matumba aja.

Amuna anafa nacho chiseko. Amayi ena anaphimba nkhope ndi zitenje, ena anang'ung'udza kuti mwana wa ndani wopanda mwamboyu. Marita anatuluka pa mzere tiyi wake asanapimitse. Lestina anatsika pa chitsa paja n'kuthawira m'nkhalango ya bulugamu, ndipo analira mpaka diresi linanyowa pachifuwa.

Amene anamutsatira kumeneko anali mayi Fainess, mayi wamfupi wa mawu ngati wailesi ya m'minibasi. Pa esiteti yonse panalibe wowaposa kutchola tiyi, ndipo panalibenso wowaposa pakamwa. Anali mnzawo wa mayi ake a Lestina. Sanabwere kudzamutonthoza ayi.

"Walakwa kawiri, mwanawe," anatero ali chiimire, manja m'chiuno. "Choyamba, pa sikelo munthu alibe makutu. Ngakhale mngelo atatsika, tingamuuze kuti adikire tipimitse kaye. Chachiwiri, za pansi pa chitenje sitinena amuna ali pomwepo. Watiyalutsa tonse."

"Ndi-ndi-ndiye ndikanene kuti?"

"Kumene amayi ako ankakhala tsiku lonse. Mu mzere. Esiteti inalemba ntchito manjawa, makutu sinalembe. Koma usabwere ndi diresi lakolo ndi kapepala. Ubwere ndi dengu."

Dengu! Mayi ake a Lestina anavutika zaka zonse zija kuti mwana wawo mmodzi yekha asadzabereke dengu la tiyi kumsana. Lestina mwini anali atalumbira kuti bola kutchaja mafoni mpaka imvi. Masabata atatu analimbana ndi mtima wake, uku akuona Marita akuyenda atagwira m'chiuno. Mvula itayamba mu Disembala, tiyi ataphuka, esiteti inayamba kulemba antchito a nyengo yokolola. Lestina anatsanzika kushopu kuja n'kukalembetsa.

Pakomboni panali nkhani. "Fomu 4 yathera m'dengu," anthu ankatero akamuona akudutsa ndi pulasitiki m'chiuno. Sabata yoyamba sanalankhule ndi munthu za khansa. Analibe mpweya wake. Zala zinang'ambika, msana unkawotcha, mvula inkamumenya kuyambira m'mawa. Kapitawo, a Blackson, ankavundula dengu lake n'kutulutsamo masamba okhwima. "Masamba awiri ndi kansonga, mayi! Izi mwatchola n'zosesera pabwalo." Pa sikelo, makilo ake ankachititsa manyazi.

Lachiwiri la sabata yachiwiri, mayi Fainess anasonkhanitsira amayi a gulu lawo ku mizere ya kumunsi, amuna n'kutsala kumtunda. Kenako anakweza mawu.

"Akapitawo, tapitani mukaone anyamata anu kumtundako. Kuno kuli za amayi."

A Blackson anali ndi mkazi ndi ana aakazi anayi, sanafunse kawiri. Anatenga ndodo yawo n'kukwera mtunda.

"Tiye nazo, Jenereta," anatero mayi Fainess. "Lira."

Lestina anayamba. Ndipo panachitika chinthu chimene iye sankayembekezera. Panalibe amene ankamuyang'ana pakamwa, chifukwa maso a wotchola tiyi amakhala pa nsonga. Manja ake nayenso anali pa ntchito. Chibwibwi sichinachoke, koma chinafatsa. Akakakamira pa liwu, panalibe womumalizira, amayi ankangopitiriza kutchola mpaka liwulo lituluke. Ananena za mayi ake, amene ambiri mwa iwo anatchola nawo mzere umodzi. Ananena za zizindikiro za matendawa, ndi kuti akawapeza msanga amachizika. Polankhula manja ake ankachedwa, ndiye amayi oyandikana naye ankamuponyera masamba odzaza dzanja m'dengu mwake.

"Iwe zilankhula, ife tizitchola," anatero mmodzi.

Pa Fesibuku anthu ankamuyamikira. M'munda anthu ankamufunsa, ndipo mafunso ake anali opanda chisoni. Zimapweteka? Woyeza ndi mwamuna kapena mkazi? N'zoona kuti amakutseka kuti usaberekenso? Zimene sankazidziwa ankapita nazo kwa a Mildred, namwino wa pachipatala chaching'ono chapafupi, n'kubwera ndi mayankho tsiku lotsatira. Kenako mayi wina anaponya funso lina.

"Nanga iweyo unapita kukayezetsa?"

Anali asanapite. Zaka zonse zija ankauza dziko lonse kuti likayezetse, iye mwini akuopa. Anavomera pamaso pa onse kuti sanapite, ndipo Loweruka lomwelo ataweruka anapita, mayi Fainess ali pambuyo pake. Lolemba mayi Fainess ndi amene anafotokozera gulu.

"Ndinabereka ana asanu ndi mmodzi ine, ndiye ndiziopa kathonje ka viniga koyezerako? Ndinangoti ndikhale bwino, a Mildred akuti mayi dzukani tamaliza. Ndipo chiberekero changa ndabwera nacho, amene akukayika adzandifunse kumbali."

Amayi anaseka mpaka a Blackson anacheuka kumtunda kuja. Pofika Febuluwale, amayi ankapita kwa a Mildred atatuatatu, anayianayi. Awiri anawapeza ndi tizilonda tongoyamba kumene, anawathandiza tsiku lomwelo n'kubwerera kuntchito patapita masiku ochepa. Amayi a magulu ena anayamba kupempha kuti Lestina akatchole nawo.

Koma amene Lestina analowera m'munda chifukwa cha iye sanasunthe. Marita anali m'gulu lina, ndipo akamva kuti mng'ono wake akubwera ankasamukira ku mzere wakutali. Anali ataonda. Anzake ankati masiku ena amakhala pansi pakati pa mzere, dengu lili kumsana. Kunyumba anasiya kulankhula ndi Lestina, kupatula tsiku limodzi.

"Wawavula amayi pagulu ali m'manda," anatero Marita. "Ndikadzamvanso kuti watchula za iwo, katundu wako udzamupeza panja."

Mu Malichi amayi abusa a mpingo umene Lestina ndi Marita ankapempherako anamva za ntchito ya m'mizere ija kwa mayi Fainess. Anapempha Lestina kuti Lamulungu, mapemphero akatha, amuna ndi ana akatuluka, alankhule ndi amayi onse. Lestina anadziwa kuti mmenemo simudzakhala tiyi wobisalamo, maso onse adzakhala pakamwa pake. Anadziwanso kuti Marita sajomba kutchalitchi, ndipo sangasamukire ku mzere wina. Akanena za mayi awo ataya pogona, mwinanso ataya mkulu wake. Akapanda kunena, mkulu wakeyo amutaya ndithu.

Lamulungu linafika. Amayi pafupifupi mazana awiri anatsala m'tchalitchi, zitseko zinatsekedwa. Marita anali pa benchi lachitatu, maso pansi. Lestina sanatenge pepala. Asananene kanthu anayamba wagwada kutsogolo kwa amayi akuluakulu, monga anamulangizira mayi Fainess.

"Amayi anga, ine ndine mwana. Si-si-sindinakwatiwe, sindinabereke. Izi si zoti n'kunena ine. Ndikupempha mundilole."

"Nena, mwana," anayankha amayi abusa.

Anaimirira, natsegula pakamwa, koma mawu anakana. Anayesanso, koma osatheka. Kenako kumbuyo kunamveka wailesi ya m'minibasi ija.

"Tikudikira, mwanawe, sitikuthamangira sikelo lero!"

Amayi anaseka, Lestina nayenso anaseka, ndipo mawu anatseguka. Sananene zambiri za mabuku. Anafotokoza zimene anaona ndi maso ake: kumtsinje kuja, zitenje zija, mayi ake akuluma mlomo kuti ana asamve kubuula.

"Amayi anandiuza kuti ndisauze munthu," anatero. "Ndi-ndinamvera, chifukwa ndinali mwana waulemu. Chaka chonse ndinasunga chinsinsi. Ndikanauza munthu mmodzi yekha, mwina lero akanakhala pa benchi apa. Tsiku lililonse ndimadzifunsa. Ndiye amene mukuti ndilibe mwambo, mu-mundikhululukire. Ndinaika kale munthu mmodzi chifukwa chokhala chete. Wachiwiri sindimuika."

Sanatchule dzina la munthu, sanayang'ane pa benchi lachitatu. Koma Marita anaimirira, anamanga chitenje chake bwinobwino, natuluka. Chitseko chinalira ndipo amayi onse anacheuka. Komabe Lestina anapitiriza mpaka kumapeto, n'kuyankha mafunso kwa ola lathunthu.

Pobwerera kunyumba ankayenda pang'onopang'ono, akuganiza za kumene akagone. Katundu wake sanamupeze panja. Koma Marita sanamuyang'ane, sanamulankhule, tsiku lonse.

Lolemba m'mawa Lestina anadzuka, anamanga pulasitiki m'chiuno, natenga dengu. Atatuluka anapeza Marita atakhala pakhonde, atavala chitenje chatsopano ndi nsapato, kabuku ka kuchipatala kali m'manja.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero Marita. "Vula chipulasitikicho, ukaitane kabaza. Awiri."

Akudikira kabazayo pamsewu, Marita analankhula maso ali ku mapiri.

"Nanenso anandiuza chimodzimodzi."

"Ndani?"

"Amayi. Ndinkatchola nawo mzere umodzi, ukuganiza sindinkaona? Akakhala pansi ndinkawadzazira dengu. Ndinkawabwereka chitenje changa kuti anthu asaone. Anati usauze munthu, ngakhale mng'ono wako, ali pa sukulu angasokonezeke." Marita anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Zaka zonsezi ndimati ndinawapha ndine ndekha."

Ana awiri a mayi mmodzi, anasenza chinsinsi chimodzi zaka zisanu ndi ziwiri, aliyense akubisira mnzake. Anagwirana pamsewu pomwepo n'kulira, anyamata a kabaza atafika anangoima chapatali kudikira.

Sindikunamizani kuti zonse zinayenda myaa. A Mildred atamuyeza Marita anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anapeza kuti khansa inali itayamba, koma inali isanafalikire. Anamuchita opaleshoni, ndipo chiberekero anachotsadi. Chimene ankachiopa chija chinachitika. A Yesaya sanatenge mkazi wina. Anapempha tchuthi n'kukakhala panja pa wodi masiku onse, ndipo chimene chinawakwiyitsa chinali chakuti anamva mochedwa.

Marita ali moyo. Anabwereranso kuntchito, ndipo mwana wake wamng'ono uja chaka chino wayamba sukulu, womuperekeza tsiku loyamba anali mayi ake.

Lestina lero amaitanidwa ku Goliati, ku Nchilamwela, m'matchalitchi, m'masukulu a sekondale, ndipo chaka chatha anaima pamaso pa anamwino ndi madokotala mu holo ina ku Blantyre. Chibwibwi chikadalipo. Amayamba ndi kuwauza anthu kuti akonzeke kudikira, ndipo anthu amadikira. Nthawi zambiri amapita ndi Marita, amene amalankhula pomaliza, ndipo mawu ake ndi ochepa.

"Amayi, ine chiberekero ndilibe. Chinagwira ntchito yake, chinandipatsa ana atatu. Anawo sankafuna chiberekero, ankafuna mayi. Ndi uyu ndaima pano."

Tsopano ndibwere kwa inu. Mwina mumalemba bwino, ndipo anthu akutali amakuyamikirani. Pitirizani, kulemba si tchimo. Koma dzifunseni ngati amene mumadya naye mbale imodzi anamvapo zimene dziko lonse likukuyamikirani nazo. Mwina mumati pakamwa panu mpolemera, mulibe satifiketi, ndinu mwana, anthu adzaseka. Adzasekadi. Mudzalakwitsa malo, mudzalakwitsa nthawi, mwina mudzathawira m'tchire kukalira. Mukatha kulirako funsani amene akudziwa, mupukute maso, mupite kumene anthuwo ali.

Musataye mtima chifukwa mawu anu akutuluka mochedwa kapena mokhotakhota. Pali wina pafupi nanu amene moyo wake ukudikira kuti inu mutsegule pakamwa. Pitani mukamuuze lero, akadali ndi makutu oti amve.